Kodi Nsomba ya M'nyanja Ndi ya Yani?

Mwezi wa Novembala ukafika, madoko a kumwera kwa nyanja ya Malawi amasintha maonekedwe. Ku Makawa, ku Malembo, ku Namiasi ndi m'madoko ena a m'boma la Mangochi, makoka okokera kumtunda amayenera kupachikidwa, pakuti lamulo la boma limaletsa usodzi wotere m'nyengo imeneyi kuti chambo chiswane mwamtendere. Tsoka ilo, nyengo imeneyi ndi yomwenso chimanga chimayamba kuchepa m'nkhokwe, feteleza amafunika kumunda, ndipo ndalama za sukulu zimakhala zili pakhomo. Msodzi amakhala pamthunzi akusoka khoka lake, maso ali kunyanja, nadzifunsa mumtima kuti: "Khokali ndinagula ndekha, bwato ndi langa, mphamvu ndi zanga, nyanja analenga ndi Mulungu. Nanga boma likundiletsa ngati ndani?"

Funso la msodziyu si lachibwana ayi. Anthu ophunzira kwambiri za chuma ndi za kayendetsedwe ka maiko akhala akutsutsana pa funso lomweli kwa zaka zoposa mazana awiri. Ena amati boma lichotse manja ake pa ntchito ndi malonda a anthu, aliyense agule, agulitse ndi kupeza phindu monga angathere. Ena amati anthu akasiyidwa okha, wamphamvu amadyera wofooka, choncho boma liyenera kuika malire. Pansi pa mkangano umenewu pali funso lina lozama, lokhudza umunthu: kodi ufulu wa munthu mmodzi umalekezera pati, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoika malirewo? Nyanja ya ku Mangochi ili ndi zambiri zophunzitsa pa nkhani imeneyi.

Ndi bwino kuyamba ndi maganizo a anthu okonda ufulu wa malonda, chifukwa mfundo zawo ndi zolemera ndithu. Gogo wa maganizo amenewa ndi Adam Smith, wa ku Scotland, amene m'chaka cha 1776 anasindikiza buku lotchedwa The Wealth of Nations. Iye anaphunzitsa kuti anthu akamasinthana katundu mwa kufuna kwawo, aliyense pofuna kudzithandiza yekha amathandizanso anzake ngakhale asakulingalirapo. Munthu wosakhulupirira zimenezi angopita pa doko m'bandakucha akaone yekha. Mabwato akamafika ndi usipa, amayi amakhala atakonzeka kale ndi mabeseni. Ena amayanika nsombazo pa mathandala, ena amazifutsa, ena amaziwamba. Anyamata anjinga amanyamula madengu kupita nawo kumsewu, ndipo pakatha masiku owerengeka usipa womwewo umapezeka pa msika wa Limbe, wa Zomba ndi wa Lilongwe, ngakhalenso m'midzi ya kutali ya ku Ntcheu ndi Mulanje. Palibe nduna imene inalamula mayi uja kudzuka tambala woyamba asanalire. Palibe kalaliki amene analemba kuti madengu angati apite ku Limbe. Aliyense amafuna kudyetsa banja lake, komabe mapeto ake dziko lonse limadya ndiwo.

Chimene chimalunzanitsa anthu onsewa, osadziwana ndi osapangana, ndi mtengo. Mtengo uli ngati mthenga wothamanga. Mwezi ukawala kwambiri usipa suunjikana pa nyali za asodzi, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira mabwato ambiri salowa m'madzi. Zikatero nsomba zimachepa, mtengo umakwera, wogula amadziwa kuti ayenera kudya mosinira kapena kupeza ndiwo zina, ndipo wamalonda amadziwa kuti doko lina kumene kwaphedwa zambiri ndiko koyenera kuthamangirako. Munthu wokhala mu ofesi ku Lilongwe, ngakhale akhale wanzeru ndi wokhulupirika chotani, sangathe kusonkhanitsa nkhani zonsezi tsiku ndi tsiku. Akalamula kuti nsomba zigulitsidwe pa mtengo wotsika pofuna kukondweretsa ogula, nsombazo zimasowa pa msika n'kumagulitsidwa kuseri. Apa ndiye pagona mfundo yoyamba ya okonda msika waufulu, yakuti nzeru zoyendetsera malonda zili mwa anthu ambirimbiri, ndipo boma silingazisonkhanitse m'mutu umodzi.

Mbiri ya dziko la Malawi ikuchitira umboni mfundo imeneyi. M'chaka cha 1971 boma linakhazikitsa bungwe la ADMARC m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo kwa zaka zambiri alimi ang'onoang'ono a thonje ndi fodya analibe kwina kogulitsa mbewu zawo koma ku bungweli, pa mtengo woikidwa ndi boma. Mtengowo unali wotsika poyerekeza ndi umene mbewuzo zimagulidwira kunja, ndipo gawo lalikulu la phindu linapita kokatukula maesiteti ndi makampani akuluakulu. Lamulo linaletsanso mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, amene anasungidwira eni maesiteti. Kuyambira m'chaka cha 1981, Malawi anayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma motsatira mapangano ake ndi World Bank komanso IMF. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale. Kusinthaku kunali ndi zowawa zake, pakuti misika ina ya ADMARC ya kumadera akutali inatsekedwa, ndipo alimi ena anagwa m'manja mwa ogula a masikelo achinyengo. Komabe kunaulula poyera kuti lamulo limene limanenedwa kuti ndi loteteza wosauka likhoza kukhala chingwe chomangira wosauka yemweyo.

Kuchokera pamenepa okonda ufulu wa malonda amatola mfundo yachiwiri, yakuti lamulo lililonse limabala mlonda wa pakhomo, ndipo mlonda ndi munthu ngati wina aliyense, wokhala ndi mimba ndi abale. Pamene pafunika chiphaso, pamakhala munthu wopereka chiphasocho. Pamene pali choletsa, pamakhala munthu wotha kutsinzina akapatsidwa kangachepe. Malamulo akachuluka, wolemera amagula njira yodutsira, ndipo wosauka ndi amene amagwidwa. Choncho msodzi uja akamakayikira lamulo la boma, ali ndi zifukwa zomveka, ndipo munthu wachilungamo sayenera kumunyoza.

Koma tsono nkhani siithera pamenepa. Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malawi ndi kudutsa pa boma la Mangochi, umathira m'nyanja ya Malombe, nyanja yosaya imene kale inali nkhokwe ya chambo. Chiwerengero cha akatswiri a zausodzi chikuonetsa kuti m'chaka cha 1982 asodzi a ku Malombe anapha matani oposa 8,000 a chambo. Patangotha zaka khumi, m'chaka cha 1992, chambo chophedwa m'nyanjayi sichinafike ndi matani 1,000 omwe. Panalibe nkhondo, panalibe mliri wa nsomba, ndipo nyanja siinaphwe. Chimene chinachitika n'chakuti asodzi anachuluka, makoka anatalika, maso a makoka anachepa, ndipo chambo chitayamba kusowa anthu anatembenukira ku kambuzi pogwiritsa ntchito nkacha ndi makoka ena a maso ang'onoang'ono, amene amakokolola ndi ana a chambo omwe.

Kuti munthu amvetse kukula kwa ngoziyi ayenera kudziwa moyo wa chambo. Nyengo yoswana ikafika, chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola ndi kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana tikatuluka chimatiperekeza ku madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu, kumene timakulira. Ana amenewa ndi amene asodzi amawatcha kasawala. Khoka likamakokedwa pansi limasalaza zisa ndi kuzula udzu wobisalamo tiana. Likagwira nsomba yaikazi imodzi yokhala ndi mazira m'kamwa, laphera pamodzi nsomba zambirimbiri za mawa. Ndi chifukwa chake lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15, ndi kutseka makoka m'nyengo yoswana.

Chodabwitsa pa nkhani ya Malombe n'chakuti palibe msodzi amene anadzuka ndi cholinga chowononga nyanja. Aliyense anachita chimene munthu wanzeru angachite pa msika waufulu. Tsono n'chifukwa chiyani nzeru zomwe zimafikitsa usipa ku Limbe zinapha chambo ku Malombe? Yankho limapezeka poyerekeza chambo ndi mbuzi. Mtengo wa mbuzi ukakwera pa msika, mbuzi zimachuluka m'midzi, chifukwa mwini khola amasunga mikota yake kuti iswe, podziwa kuti ana a mbuziyo adzakhala ake. Koma mtengo wa chambo ukakwera, chambo chimachepa m'nyanja, chifukwa anthu ambiri amagula makoka ndi kuthamangira m'madzi. Msodzi amene angabweze kasawala m'madzi sadziwa ngati adzakumana nayenso atakula. Chimene akudziwa n'chakuti bwato la mnzake lili m'mbuyo mwake, ndipo chimene iye wasiya mnzakeyo atola. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nsomba ya m'bwato ili ndi mwini, koma ya m'madzi ndi ya mphepo.

Katswiri wina wa ku America, Garrett Hardin, analongosola vuto lotereli m'chaka cha 1968, popereka chitsanzo cha dambo lodyetserako ziweto la mudzi wonse. Mwini ng'ombe akawonjezera ng'ombe imodzi pa dambolo, phindu lonse ndi lake, koma kutha kwa msipu kumagawidwa kwa anthu onse. Poona kuti phindu ndi lake pamene kutaya ndi kwa gulu, aliyense amawonjezera ziweto kufikira dambo litasanduka fumbi. Apa ndi pamene pali malire a msika waufulu. Msika umayenda bwino pamene wokolola phindu ndi yemwenso amasenza kutaya. Pamene munthu angathe kutenga phindu n'kusiyira ena chiwonongeko, ufulu wake umasanduka msampha wa anthu onse, ndipo mwini wakeyo amakodwamonso.

Wina anganene kuti basi, nkhani yatha, boma ligwire nyanja ndi dzanja lolimba. Koma mbiri ikukana kuthamanga kotere. Pamene chambo chimatha ku Malombe, malamulo analipo kale. Kafukufuku wa chambo anayamba m'nthawi ya atsamunda, Rosemary Lowe anaphunzira za moyo wa nsombayi kuyambira 1945 mpaka 1947, ndipo dziko litalandira ufulu linakhazikitsa lamulo la zausodzi m'chaka cha 1973. Panali nyengo yotseka, panali muyeso wa maso a ukonde, panali ziphaso. Zonsezi zinali zolembedwa bwino papepala, koma alangizi ndi oyendera nyanja anali ochepa, madoko anali ambiri, ndipo usiku ndi wautali. Choposa apo, asodzi ankaona lamulolo ngati chinthu chachilendo chochokera ku boma, chosawakhudza mumtima. Munthu wozemba lamulo sankachita manyazi pamaso pa anzake, pakuti onse ankazemba. Panalinso kudandaula kwakale, kochokera m'masiku amene amalonda a ku Ulaya anayamba usodzi wa makoka akuluakulu ku Fort Johnston, ndi kokulirakulira pamene mabwato a injini okoka maukonde pansi anayamba ntchito m'chaka cha 1968, kwakuti lamulo limaluma wa bwato la mtengo n'kusiya wa sitima. Kaya kudandaulako kunali koona nthawi zonse kaya ayi, lamulo limene anthu akuliganizira kuti ndi lokondera limafa lisanayambe kugwira ntchito.

Ngakhale maiko olemera akhumudwapo pa mwala womwewu. Dziko la Canada linali ndi akatswiri ochuluka, sitima zolondera nyanja ndi malamulo okhwima, komabe nsomba yotchedwa cod inatha m'nyanja ya ku Newfoundland, kotero kuti m'chaka cha 1992 boma linatseka usodziwo ndipo anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Andale amaopa kukhumudwitsa ovota a lero, pamene nsomba za mawa sizivota. Motero kunena kuti msika walephera sikutanthauza kuti boma lipambana.

Okonda ufulu wa malonda ali ndi yankho lawo pa vutoli. Iwo amati ngati matenda ndi kusowa mwini, mankhwala ake ndi kupereka umwini. Dziko la New Zealand linatsata njira imeneyi m'chaka cha 1986. Boma limayeza kuchuluka kwa nsomba zoyenera kuphedwa pa chaka, ndipo msodzi aliyense amakhala ndi gawo lake lodziwika, limene angathe kuligulitsa kapena kulibwereketsa. Popeza gawolo limakwera mtengo nsomba zikachuluka m'nyanja, mwini wake amayamba kuganiza ngati mwini khola la mbuzi. Nzeru imeneyi ndi yosiririka, ndipo ikuonetsa kuti ngakhale msika waufulu umafuna boma loti liike malire ndi kuteteza umwini. Koma kuibweretsa ku Mangochi monga ilili n'kovuta. Njirayi imafuna kuti nsomba iliyonse yofika kumtunda iyezedwe ndi kulembedwa, chinthu chotheka pamene sitima ndi zowerengeka ndipo madoko ndi ochepa. Nanga pamene mabwato ali zikwizikwi, ofika usiku ndi usana pa mchenga uliwonse, mlembi wake ndani? Palinso mantha akuti olemera angagule magawo onse, ana a m'mphepete mwa nyanja n'kusanduka alendo pa madzi a makolo awo.

Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel pa maphunziro a zachuma m'chaka cha 2009, anasonyeza kuti pali njira yachitatu. Atafufuza za nkhalango, madambo, ngalande zothirira ndi malo osodza m'maiko ambiri, anapeza kuti anthu a m'dera limodzi amatha kusunga chuma cha onse kwa mibadwomibadwo, popanda kuchigawa kwa munthu mmodzimmodzi ndiponso popanda kuchipereka ku boma. Chofunika n'chakuti malire a malowo adziwike, eni ake adziwike, malamulo apangidwe ndi anthu omwe adzawasenze, olondera akhale anthu oyankha kwa eni akewo, ndipo chilango chiyambe pang'ono n'kumakula kwa wobwereza mlandu.

Chitsanzo cha zimenezi sichili kutali. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, usodzi wakhala ukuyendetsedwa ndi malamulo a mfumu Msosa ndi anthu ake kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya dzinja ikafika chilumbacho chimatsekedwa, asodzi onse amachokapo, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo mvula ikatha. Mowa, chamba ndi njuga ndi zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Asodzi amamvera chifukwa amadziwa kuti wina aliyense akumvera, ndiponso chifukwa utaka umene amapeza potsegulira ndi umboni wooneka ndi maso. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ku Mbenji nsomba ya m'madzi ili ndi mwini, ndipo mwini wakeyo ndi gulu lodziwana.

Boma la Malawi linayesa kutengera nzeru yotereyi. M'chaka cha 1993 linayambitsa ndondomeko yoyendetsa usodzi mogwirizana ndi anthu ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo m'midzi ya mafumu monga Chimwala ndi Chowe munakhazikitsidwa makomiti a m'madoko. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la kasungidwe ndi kayendetsedwe ka usodzi, limene linatsegula khomo loti anthu a m'midzi atengepo mbali. Uku kunali kusintha kwakukulu kwa maganizo, koma zipatso zake zinali zosakanikirana. Ofufuza anapeza kuti m'makomiti ena asodzi enieni anali ochepa, kuti ena analowamo poyembekezera ndalama za misonkhano, ndi kuti panali kulimbirana mphamvu pakati pa makomiti ndi mafumu, makamaka pa nkhani yolandira asodzi obwera. Komiti yobadwira mu ofesi n'kutumizidwa kumudzi imasiyana ndi pangano lobadwira pabwalo. Chambo sichinabwerere mwakale ku Malombe, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu ya kutheratu. Phunziro lake n'lakuti umwini wa pakamwa chabe suteteza kanthu. Anthu amasunga chinthu pamene ali ndi mphamvu zenizeni zoletsa wowononga, ndiponso pamene ali ndi chitsimikizo chakuti phindu la kudziletsa kwawo lidzagwera iwo ndi ana awo.

Pali mfundo ina yowawa imene munthu woona mtima sangailumphe. Mwini makoka ali ndi pothawira nyanja ikatsekedwa, kaya ndi golosale, kaya ndi munda. Koma alovi, anyamata opalasa ndi kukoka, amadya za tsiku lomwelo, chimodzimodzinso mayi wamasiye amene amadalira kuyanika nsomba. Anthu a m'boma la Mangochi anali pafupifupi 500,000 pa kalembera wa 1987, ndipo pa kalembera wa 2018 anali ataposa 1,100,000, pamene nyanja ndi yomweyo ndipo minda ikunka nichepa. Kuuza munthu wanjala kuti adikire nyanja itsegulidwe n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Mayi amene wasandutsa neti yoteteza udzudzu kukhala khoka lokokera tiana ta nsomba m'mabango akulakwa ndithu, koma amene akumuweruza ayambe wafunsa chimene ana ake adya dzulo. Lamulo limene limasenzetsa katundu yense pamutu pa wosauka, pamene phindu la chambo chochuluka lidzadyedwa ndi dziko lonse, ndi lopereweza chilungamo.

Komabe chifundo chimenechi sichingafafanize mlandu wa mbali inayo. Pa msika pamafika wogula ndi wogulitsa, koma pali munthu wachitatu amene safikapo, ndiye mwana amene sanabadwe. Iye alibe ndalama yopikisana nayo pa mtengo, alibenso mawu pa msonkhano. Wopha kasawala lero akugulitsa ndiwo za mwana ameneyo popanda kumufunsa. Zipembedzo zonse za m'mphepete mwa nyanja, m'mizikiti ndi m'matchalitchi momwe, zimaphunzitsa kuti kutenga cha mwini popanda chilolezo ndi kuba, ndipo mwambo wa makolo umati dziko ndi la amoyo, akufa ndi osabadwa. Ngakhale Adam Smith sanaphunzitse kuti munthu achite chilichonse chimene afuna, pakuti anaika chilungamo ngati udindo waukulu wa boma. Ufulu wa msodzi umalekezera pamene payambira gawo la mnzake, ndipo mnzakeyo akhoza kukhala mdzukulu wake yemwe.

Tsono boma lichite chiyani, ndipo lileke chiyani? Pa nsomba imene yafika kale kumtunda, dzanja la boma likhale lopepuka. Lisaike mtengo, lisasankhe woyenera kugula ndi kugulitsa, ndipo lisachulutse ziphaso ndi misonkho imene imatopetsa mayi wa dengu limodzi. Ntchito yake kumeneko ndi kukonza misewu, kusamala ukhondo wa misika, kuona kuti miyeso ndi yoona, ndi kuweruza milandu mwachangu. Pa nsomba imene ili m'madzi, lamulo ndi lofunika, koma likhale lamulo lokhala ndi zizindikiro zabwino. Likhale lalifupi ndi lomveka, loti msodzi wosapita kusukulu athe kulinena pamtima, pakuti malamulo atatu osungidwa amaposa makumi atatu onyozedwa. Lipangidwe pamodzi ndi anthu amene adzalisenze, ndipo midzi ipatsidwe mphamvu zenizeni pa madzi oyandikana nayo, kuphatikizapo malo oswanirana nsomba. Ligwire onse mofanana, wa sitima ndi wa bwato, mlamu wa mfumu ndi mlendo, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu akaona wamkulu akuzemba nawonso amazemba. Liganizire amene akuvutika nalo kwambiri, mwachitsanzo polunjikitsa ntchito zachitukuko zolipidwa ku midzi ya asodzi m'miyezi yotseka. Potsiriza, liyesedwe ndi zipatso zake, ndipo likapezeka kuti silikuchulukitsa nsomba lisinthidwe mopanda manyazi.

Choncho msodzi wa pamthunzi uja ali ndi mbali imene akulondola ndi mbali imene akuphonya. Akulondola ponena kuti khoka, bwato ndi mphamvu ndi zake, ndipo palibe woyenera kumulanda phindu la thukuta lake kapena kumuuza mtengo wogulitsira nsomba zake. Akulondolanso pofuna kudziwa chifukwa cha lamulo lililonse, pakuti boma limene limaletsa popanda kufotokoza limayesa nzika zake ana. Koma akuphonya poganiza kuti chimene Mulungu analengera onse chilibe mwini. Chambo chimene chili m'madzi ndi chake pamodzi ndi anzake a tsidya lino ndi tsidya ilo, pamodzinso ndi ana amene adzapalase bwato iye atapita. Tsiku limene adzakhulupirire kuti mnzake nayenso wapachika khoka, ndi kuti kasawala amene wamusiya lero adzamupeza atakula m'madzi a mudzi wake, sadzafunanso msilikali womulondera. Ntchito yaikulu ya boma ndi mafumu ndi kumanga chikhulupiriro chimenecho, ndipo ntchitoyo ndi yofulumira, chifukwa mtundu wa nsomba ukatha palibe lamulo kapena msika umene ungaubwezeretse. Madzi akatayika saoleka.